Kumene Bua amathera

Inu adzukulu mukamva za Nkhotakota mumangoganiza mpunga ndi nsomba. Mumanyamuka pa Nsaru m'mamawa, kudzera ku Lilongwe ndi ku Salima, dzuwa lisanalowe mwafika. Makolo athu dzinalo ankalitchula motsitsa mawu. Madzi a mu Namitete amagwera mu Bua, Bua nayenso amatsetsereka mpaka kukathira m'nyanja kumpoto pang'ono kwa mzinda umenewo. Kumene ankalowera madzi, anthu athu ankaloweranso komweko, koma atamangidwa.

Kalekale gombe lonselo linali la Achewa anzathu, a Kanyenda ndi a Malengachanzi. Cha m'ma 1840 kudafika Mswahili wina wochokera kunyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdallah. Adabwera ngati mlendo wamalonda, atatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Adapempha malo, adampatsa. Paja mlendo ndi mame, eni dziko ankayesa akhala pang'ono nadutsa. Koma iyeyu anali ndi mfuti zambiri kuposa iwo, ndipo posakhalitsa ndiye ankalamula padoko. Anthu ankamutcha Jumbe, ndipo onse amene adalowa m'malo mwake adatenga dzina lomwelo, anayi onse pamodzi.

Chimene chidakweza a Jumbe ndi zombo. Bwato la mtengo umodzi limangotsata gombe, pomwe chombo chamatabwa choyendera mphepo chinkawoloka nyanja mpaka tsidya lija, kumene lero ndi Mozambique. Akatsitsa katundu kumeneko, ulendo wapansi unkayamba mpaka ku Kilwa, miyezi ndithu ali m'njira. Katunduyo anali minyanga ya njovu ndi anthu. Munthu ankasenza mnyanga, akafika nawo, onse awiri n'kugulitsidwa.

Apa mumvetsetse, chifukwa mabuku akusukulu amadutsapo mothamanga. Jumbe sankayenda yekha m'midzi ya kuno kumtunda kudzagwira anthu. Ankampititsira. Angoni a Mpezeni chakumadzulo ndi a Chiwere chaku Dowa akathira nkhondo, ogwidwa ena ankawasunga, ena ankasinthitsa. Nafenso Achewa tisadziyeretse. Munthu akapalamula mlandu wakupha kapena wachigololo, abale ake n'kusowa cholipira, mwinimbumba ankapereka mwana wa mlongo wake. Kale mwana wotereyo ankakulira m'mudzi umene wapitawo, n'kukwatiwa, n'kubereka. Nsalu ndi wonga zitabwera, mfumu idayamba kumuona ngati chuma. Agogo anga aakazi ankasimba za goli, mtengo wamphanda umene ankaulowetsa m'khosi n'kutseka kumbuyo ndi kachitsulo. Akafika pamenepa ankagwira khosi lawo, ngakhale iwo sadalivalepo. Ankatinso nthawi imeneyo mkazi sankapita yekha kudambo, ndipo midzi inkakhala m'malinga, polowera pamodzi basi, usiku n'kutsekapo ndi mitengo.

David Livingstone adadutsa pa Nkhotakota ndi bwato mu 1861. Adabweranso wapansi mu 1863, napeza Aluya akukhoma chombo chatsopano. Mkuyu umene amati adakhalapo pokambirana ndi akuluakulu a pamalopo amauonetsabe kwa alendo, pafupi ndi chipatala cha mishoni. Kaya adalankhula zotani pansi pa mtengowo, malondawo sadaime. Adapitirira zaka zina makumi atatu.

Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, anali wochenjera. Ataona kuti azungu akulimba, adapangana ndi Harry Johnston mu 1889, nalandira mbendera ya Angerezi ndi ndalama chaka ndi chaka. Adamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake sadakhalitse, azungu adamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. Kumapeto kwa 1895 asilikali a azunguwo adakwera kukathira nkhondo Mwase Kasungu, amene njira ya kumtunda inkadzera kwawo. Mwase adasankha kudzipha kusiyana n'kugwidwa. Chaka chomwecho Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican adamira panyanja ngalawa yake itagubuduzika ndi mphepo, ndipo adamuika ku Nkhotakota, kumene mishoni inali itangoyamba kumene mu 1894. Manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints.

A Jumbe adapita, koma zawo zidatsala. Mpunga umene mumaukonda paukwati ndi pa Khirisimasi, iwo ndiwo adaulimbikitsa m'madambo a kunyanja. Mitengo ya kokonati ndi mango ambirimbiri, mizikiti, amuna ovala mikanjo ndi zikofiya Lachisanu, zonsezo n'za nthawi imeneyo. Musawayang'ane ndi diso loipa anthu a kumeneko. Ambiri a iwo ndi zidzukulu za omwe adagwidwa kumtunda koma sadawoloke, adatsala kulima minda ya Jumbe, nalowa Chisilamu, nakhazikika. Mukamva wina kumeneko akuti ndi Phiri kapena Banda, mufunseni kumene adachokera agogo ake aakazi. Mwina atchula dera la kwathu kuno.

Zomwe ndikukumbuka ndekha n'za 1960. Chaka chimenecho chipani cha Malawi Congress chidachititsa msonkhano waukulu ku Nkhotakota. Kamuzu anali atatuluka kundende ya Gwelo mwezi wa Epulo, ndipo pamsonkhanopo adaonetsa kwa anthu anzake amene anali atangomasulidwa, a Chipembere ndi a Dunduzu Chisiza. Pomwepo adamusankha kukhala pulezidenti wamuyaya wa chipani. Anthu adaomba m'manja, osadziwa kuti mawu amenewo adzatilemera zaka zoposa makumi atatu. Amuna ena a kuno adapitako, wina panjinga, wina pamwamba pa lole. Atabwerako sankatha kusimba bwino zimene zidalankhulidwa. Ankangosimba za madzi opanda tsidya, za akasupe otentha a Mawira, ndi za mpunga umene adadya ndi chambo. Mmodzi adabwera ndi mbewu ya mpungawo m'kansalu, naifesa m'dambo la kuseri kwa mudzi. Udamera ndithu, koma mbalame ndi ng'ombe za eni ake zidaumaliza usanache.