Ndani adyetse nsomba tikapita kumudzi? Mbili ya kamakina ka pathanki

Kamakina kodyetsa nsomba, kamene m'mashopu amakacha auto feeder, ni kanthu kokwana m'dzanja. Kali na kankhokwe ka cakudya, koloko na mabatili. Mumakamanga pamwamba pa thanki, ndipo nthawi ikakwana kamazungulila, cakudya n'kugwela m'madzi. Munthu angaganize kuti kanthu kosavuta conco kanabadwa tsiku limodzi na thanki yoyamba. Koma kanafala mocedwa kwambili, cifukwa kwa zaka pafupifupi 100 cakudya cabwino ca nsomba za m'nyumba cinali camoyo, ndipo cinthu camoyo simungacitsekele m'kabokosi n'kukwela basi yopita ku Chipata.

Nkhani iyambila ku China. Nsomba yofiilila imene timaicha goldfish inacokela ku nsomba yotuwa ya mtundu wa carp, imene anthu anali kudya monga ndiwo wamba. Nthawi zina pakati pa zotuwazo panali kubadwa imodzi yofiila, ndipo anthu anali kuzipatula n'kuziponya m'maiwe a pa akacisi a Abuda, kumene palibe anali kuzipha. Mu 1162, m'nthawi ya mafumu a Song, mfumukazi inalamula kuti akumbe dziwe losungilamo nsomba zofiila na zagolide. Nsomba ikakhala m'dziwe imadzifunila yokha: m'matope muli tuzilombo, pamiyala pali ndele. Zinthu zinasintha m'nthawi ya mafumu a Ming, pamene olemela anayamba kuzilowetsa m'nyumba, m'mabeseni oumba. Kucokela pamenepo nsomba inakhala monga nkhuku ya m'khola. Ikapanda kupatsidwa, siidya.

Thanki yoonekela mkati inabwela pambuyo, ndipo pa ciyambi pake pali akazi awili amene sachulidwa kawilikawili. Woyamba ni Jeanne Villepreux-Power, mkazi wa ku France amene anayamba monga wosoka zovala. Ali ku Messina, pa cisumbu ca Sicily, mu 1832 anapanga mabokosi a galasi kuti aziyang'anitsitsa kanyama ka m'nyanja kochedwa argonaut, ndipo anaonetsa kuti kamadzipangila kokha cigoba cake. Waciwili ni Anna Thynne wa ku London, amene mu 1846 anabwela na makorali amoyo kucokela ku Torquay n'kuwasunga m'nyumba zaka pafupifupi zitatu. Cinsinsi cake cinali kulowetsa mpweya m'madzi mwa kuwathila uku na uku pa windo yotsegula, kwa theka la ola kapena kuposapo. Amene anali kucita zimenezo anali mtsikana wanchito. Pampu yoyamba m'mbili ya thanki ya nsomba inali manja a mwana wa munthu, ndipo m'nyumba zotelo funso lakuti ndani adyetse nsomba bwana akacokapo linali na yankho kale.

Mu 1850, Robert Warington, katswili wa mankhwala ku London, anafalitsa zimene anapeza. Anaika tu goldfish tuwili m'cotengela ca malita pafupifupi 50 pamodzi na udzu wa m'madzi wochedwa Vallisneria. Udzu unali kutulutsa mpweya umene nsomba zifunika, nsomba zinali kutulutsa umene udzu ufunika. Masamba akale atayamba kuwola, madzi anada. Iye anaikamo nkhono, nkhonozo zinadya zowola, madzi n'kuyelanso. Anthu anaikonda maningi nkhaniyi, cifukwa inamveka monga kuti thanki ingadzisamalile yokha. Msonkho wa galasi unali utacotsedwa ku Britain mu 1845, London Zoo inatsegula nyumba ya nsomba mu 1853, ndipo mu 1854 Philip Henry Gosse anatulutsa buku limene linafalitsa liwu lakuti aquarium. Kwa zaka zocepa aliyense wa ndalama anafuna thanki pa sitingilumu. Ambili anaiwala kuti Warington anali na tunsomba tuwili cabe m'madzi onse aja. Anadzaza nsomba, anathila nyenyeswa za buledi, madzi ananunkha, ndipo fashoni inazilala.

Amene anailimbikila nkhaniyi anali a ku Germany, maka-maka pambuyo pa nkhani imene Emil Adolf Rossmässler analemba mu 1856 m'magazini ya Die Gartenlaube. Nsomba za kumaiko otentha zitayamba kufika ku Europe, kuyambila na paradise fish imene Pierre Carbonnier anaswetsa ku Paris mu 1869, kuweta nsomba kunakhala nchito ya miyendo. Munthu anali kunyamula kaukonde na cidebe n'kupita ku dziwe kukawola daphnia, tuzilombo tofanana na utitili wa m'madzi, kapena ana a udzudzu. Ena anali kufukula tunyongolotsi tofiila, tubifex, m'matope a pamene madzi oipa a m'tauni amathila mumtsinje, ndipo kawilikawili anali kubwela na matenda pamodzi na cakudyaco. M'nyengo yozizila maiwe akauma na cipale, nsomba zinali kuona njala. M'mashopu munali tumapaketi tolembedwa kuti mazila a nyelele. Sanali mazila enieni koma ana a nyelele oumikidwa ali m'tuzikwa twawo, ndipo goldfish zambili-mbili zinakhala moyo wawo wonse zikudya makoko amenewo.

Zinasintha na Ulrich Baensch, wasayansi ya zamoyo amene anayambitsa kampani ya Tetra ku Germany mu 1951. Pakati pa zaka za m'ma 1950 anatulutsa TetraMin, cakudya cosakaniza, couma, copyapyala monga tumapepala, m'kacitini kacikasu ka civundikilo cabulauni kamene kakali kugulitsidwa mpaka lelo. Kwa ine, apa m'pamene thanki ya nsomba inakhala ya aliyense, ngakhale wokhala pa flat amene sanapondepo m'dziwe. Koma kacitini kameneka kanabweletsa imfa yatsopano. Munthu wa kaukonde anali kupatsa zocepa cifukwa anazivutikila. Munthu wa kacitini amangogwedeza dzanja, ndipo nsomba nthawi zonse zimaoneka monga zili na njala.

Cimene cimapha si kukhuta kwenikweni. Cakudya cotsala cikawola, komanso nsomba zikadya n'kutulutsa zoipa, m'madzi mumaculuka amoniya, amene amaocha ziwalo zimene nsomba imapumila. Ca m'ma 1890, Sergei Winogradsky anaonetsa kuti pali mabakitiliya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, imene ilibe ululu kwambili. M'thanki, ambili a iwo amakhala m'siponji ya filta, ndipo amadalila madzi oyenda obweletsa okosijeni. Amakwanitsa nchito yolingana na kuculuka kwawo. Mukathila cakudya ca masiku atatu pa tsiku limodzi, iwo saculuka tsiku lomwelo.

Cakudya citauma, makina anali osavuta kupanga, maka-maka makoloko a quartz oyendela batili atachipa kucokela m'zaka za m'ma 1970. Mitundu imene inapambana ni iwili. Wina uli na kamgolo kamene kamazungulila n'kutaya cakudya pa kakhomo kamene inu mumakulitsa kapena kucepetsa. Eheim ya ku Germany, kampani imene inayamba na kupanga zidole isanalowe m'mafilta, imachuka na mtundu umenewu. Winawo uli monga mbale yogawidwa tuzipinda, cipinda ciliconse cakudya cimodzi, monga Fish Mate F14 ya tuzipinda 14. Wa kamgolo umanyamula zambili koma muyeso wake umasintha-sintha, ukadzala umataya zambili kuposa ukatsala pang'ono kutha. Wa tuzipinda umapatsa zimene munayeza na zala zanu, ndipo kwa thanki yaing'ono ndiye wanzelu. Palinso tumiyala toyela tosungunuka pang'ono-pang'ono, tumene amagulitsa kuti ni cakudya ca pa holide. Tumadetsa madzi kuposa mmene tumadyetsela nsomba.

Ife a ku Zambia tili m'mbili imeneyi, ngakhale kuti ambili sitidziwa. Mu 1898, George Albert Boulenger wa ku British Museum anafotokoza kansomba kamene J. E. S. Moore anagwila pa Niamkolo, pafupi na Mpulungu, n'kukapatsa dzina lakuti Tropheus moorii. Liwu lakuti Tropheus ni la Cigiliki, litanthauza wolela, cifukwa yaikazi imasunga mazila na ana m'kamwa. Kuyambila m'zaka za m'ma 1970 nsomba za m'nyanja ya Tanganyika zinayamba kutumizidwa zambili ku Europe pa ndeke, ndipo Tropheus inakhala imodzi mwa zofunidwa kwambili. Inakhalanso imodzi mwa zofa kwambili. Kwawo imaswela tsiku lonse ikupala ndele pamiyala, kang'ono-kang'ono, ndipo matumbo ake ni aatali, a nyama yodya zamasamba. Mukaipatsa cakudya cambili ca nyama kamodzi patsiku, mimba imatupa, imaleka kudya, ndipo gulu lonse lingathe m'milungu yocepa. Oweta anaphunzila kupatsa zocepa, kangapo patsiku, cakudya cokhala na ndele ya spirulina. Apa kamakina kamasewenza bwino kuposa dzanja, cifukwa munthu amene ali ku nchito kapena ku koleji sangabwelele kunyumba masana kuti akathile tumbewu khumi.

Koma amene anakapanga anali kuganizila nyumba imene malaiti sathima. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, nyumba zambili muno zinali kuona malaiti maola ocepa cabe patsiku. Malaiti akapita, filta na pampu zimaima, ndipo patapita maola angapo mabakitiliya aja amafooka cifukwa cosowa okosijeni. Kamakina ka mabatili sikadziwa zimenezo. Nthawi yake ikakwana kamazungulila monga mwa masiku onse, n'kuthila cakudya m'madzi amene palibe cowayeletsa. Ni thanki ya Warington, yopanda nkhono.

Conco wogula kamakina ku Lusaka, Kitwe kapena Chipata afunika kuwelengela mosiyana na zolembedwa pa bokosi. Ka mabatili n'kabwino kuposa kolumikiza ku khoma kapena kodalila Wi-Fi, koma ikanimo mabatili atsopano ndipo cepetsani muyeso kufika pa theka la zimene mumapatsa na dzanja, kamodzi patsiku. Ngati ndalama zikwanila cinthu cimodzi cabe, yambani na kapampu ka mpweya kochaja, kamakina kabwele pambuyo. Sewenzetsani cakudya ca tumbewu, cifukwa copyapyala cija cimayamwa cinyontho n'kuundana, ndipo December, mwezi umene ambili timayenda, ndiye wa mvula. Musakamange pamwamba pa pamene thovu la pampu limaphulikila. Kayeseni pa mbale youma, ndiyeno kasiyeni kasewenze mlungu wathunthu mukali panyumba, muone ngati nsomba zitsiliza zonse m'mphindi ziwili.

Ulendo wa malilo wa masiku atatu kapena anai sufuna kamakina. Nsomba zazikulu zathanzi zimatha mlungu osadya, kupatulapo tuana. Ndipo ngati mwasiyila makiyi a neba kapena mng'ono wanu, yezani cakudya ca tsiku lililonse m'tumapepala, lembani masiku, ndipo citini yeni-yeniyo muitsekele m'wadilopu.