Keyala Yosasuntha ya Seva

Pamene makompyuta a ARPANET ku America anasamukira ku ndondomeko ya TCP/IP pa 1 Januwale 1983, kompyuta iliyonse inayenera kukhala ndi keyala yakeyake, ya manambala anayi, monga chinakhazikitsira chikalata cha RFC 791 cha mu 1981. Ndipo popeza masiku amenewo kunalibe makina ogawira anzake makeyala, woyang'anira ankalemba yekha, pamene Jon Postel ankasunga kaundula wa manambala kuti makeyala asawombane. M'chaka chomwecho cha 1983, ku Berkeley kunatuluka pulogalamu yoyendetsa makompyuta ya 4.2BSD, ndipo m'menemo munali lamulo la ifconfig lolembera keyala pa kompyuta, limene linatumikira osunga makina mokhulupirika kwa mbadwo wathunthu.

Makompyuta atachuluka ngati mchenga wa kunyanja, ntchito ya manja inalemetsa, kotero kuti mu 1993 Ralph Droms anatulutsa DHCP, njira yobwereketsa keyala kwa kanthawi ndi kuilandanso nthawi yake ikatha. Njirayo inayenera makina ongodutsa, pakuti mlendo ndi mame. Koma seva si mlendo ayi, ili ngati bwalo la mfumu, limene wodandaula ayenera kulipeza mawa pamene analisiya dzulo. Chifukwa chake mwambo wa keyala yosasuntha sunafe.

Zida zokha ndizo zinasintha. Pa Linux, lamulo la ip, ntchito ya Alexey Kuznetsov, linalowa ufumu wa ifconfig. Koma popeza makina akazimitsidwa amaiwala chimene analamulidwa pa command line, anzeru ankachilembanso m'fayilo, a Debian mu /etc/network/interfaces, ndipo a Ubuntu, kuyambira 2017, mu Netplan.

Pamene Amazon inatsegula EC2 mu 2006, ndipo anthu anayamba kubwereka maseva a pa cloud amene maso awo sadzawaona, mwambo wakalewo unapeza kulemera kwatsopano. Pakuti iye amene alowa m'makina a kutsidya la nyanja kudzera pa SSH, nalakwitsa nambala imodzi ya gateway, wadzitsekera yekha kunja kwa nyumba imene sangafikeko ndi mapazi. Ndicho chifukwa chake akuluakulu a ntchitoyi amaphunzitsabe achinyamata kuwerenga mzere kawiri asanautumize, ndi kusiya khomo lina lotsegula kufikira keyala yatsopano itayankha, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.