KADUKUTU NDI AKATSWIRI A PA CHITEDZE

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, ambiri a ife tikukumbukira phunziro la Biology lonena za Gregor Mendel, wansembe uja amene anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa nsawawa m'chaka cha 1866. Tinkaloweza pofuna kukhoza mayeso basi, osadziwa kuti ntchito yomweyo inali kuchitika pakhomo pathu pomwe, pa Chitedze, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji.

Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze anatsegulidwa m'chaka cha 1948. Imodzi mwa ntchito zake zikuluzikulu yakhala ya mtedza, mbewu imene makolo a ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula ankagulitsa kuti atilipirire fizi. Mdani wamkulu wa mtedzawu ndi kadukutu. Munda ukagwidwa, mitengo imapinimbira, masamba amachita chikasu ndi kukwinyika, ndipo mlimi amakumba pachabe. Matendawa amafala ndi nsabwe za m'mbewu, makamaka mtedza ukabzalidwa mochedwa ndiponso motalikirana.

M'chaka cha 1982 bungwe la ICRISAT linakhazikitsa ntchito yake ya mtedza pa Chitedze. Mu 1990 kunatuluka CG7, mtedza wobereka kwambiri kuposa Chalimbana, koma kadukutu ankaugwirabe. Tsono panafunika kumudziwa bwino mdaniyo.

Apa ndi pamene panathandiza luso la molecular cloning, limene Stanley Cohen ndi Herbert Boyer analiyamba ku America mu 1973. Katswiri amadula kachidutswa ka DNA, nakalumikiza ku kamkombero ka DNA kotchedwa plasmid, kenaka nakalowetsa mu bakiteriya. Bakiteriyayo akamaswana, kachidutswa kaja kamachulukanso, mpaka kukwanira kuti kawerengedwe. Pogwiritsa ntchito njirayi, akatswiri a ku Scottish Crop Research Institute anawerenga chibadwa chonse cha vairasi ya kadukutu yochokera ku Malawi kuno, nafalitsa zotsatira zake mu 1996. Kafukufuku wa zaka zimenezo anaonetsa kuti oyambitsa matendawa alipo atatu: vairasi yeniyeniyo, kachidutswa ka RNA koyenda nayo kamene kamabweretsa zizindikiro, ndi vairasi ina imene imathandiza kuti nsabwe zinyamule zinzakezo. Popanda yachitatuyi, nsabwe sizingafalitse matendawa.

Komabe mbewu yopirira inapezeka mwa njira ya Mendel yomwe ija, yokwatitsa mitundu. Mtedza wina wa ku West Africa unali wopirira kadukutu mwachibadwa, ndipo mphamvu imeneyi inalowetsedwa m'mitundu yathu. Mu 2000 kunatuluka Nsinjiro, mtedza wopirira kadukutu wopangidwa pa Chitedze. Pamalo pomwepa pali nkhokwe ya dziko lino yosungira mbewu zamitundumitundu, kuti zamakolo zisatheretu.

Taonani kuti vairasi inali yathu, minda yowonongeka inali yathu, koma kuwerenga chibadwa chake kunachitikira ku Scotland. Lero ophunzira a ku Bunda amaphunzira za DNA m'dziko momwe muno. Koma wofika kumeneko ndi mwana amene anakonda sayansi akadali ku sekondale.

Nchifukwa chake tikamasonkha za chitukuko cha sukulu yathu, tisaiwale labotale ndi mabuku a Biology. Mwana wa ku Nambuma kapena ku Mpingu amene anaona munda wa amayi ake utatha ndi kadukutu ali kale ndi chifukwa chophunzirira. Chimene akusowa ndi zipangizo, ndipo apo ifeyo tingathandize.