Ribbon ya Microsoft Office

Ribbon ndi mzere waukulu wa mabatani umene umakhala pamwamba pa sikirini m'mapulogalamu a Microsoft Office monga Word, Excel ndi PowerPoint. Inayamba kuoneka mu Office 2007, imene makampani anayamba kuigula pa 30 Novembala 2006, ndipo anthu wamba pa 30 Januwale 2007. Ribbon inalowa m'malo mwa mamenyu ndi timizere ta mabatani timene anthu anatizolowera kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Microsoft inatcha maonekedwe onse atsopanowa Office Fluent. Kusinthaku kunathandiza anthu ongoyamba kumene kupeza zida mosavuta, koma kunachedwetsa kwa kanthawi anthu amene ankaidziwa bwino Office yakale.

Chifukwa chake anasintha

Pamene zaka zinkapita, zida za mu Office zinkachulukirachulukira. Word 2003 inali ndi zida zoposa 1,500, timizere ta mabatani 31 ndiponso timawindo ta m'mbali 19. Zida zambiri zinkabisika m'kati mwa menyu imene ili m'kati mwa menyu ina, moti anthu ena ankapempha Microsoft kuti iwonjezere zinthu zimene zinalimo kale.

Kampaniyi inayesapo njira zina. Mu Office 97 munali Office Assistant, kachithunzi koyankhula kamene ambiri amakadziwa ndi dzina loti Clippy. Mu Office 2000 mamenyu ankabisa zida zimene munthu sazigwiritsa ntchito kawirikawiri, koma izi zinasokoneza ambiri chifukwa menyu imodzimodziyo inkaoneka mosiyana pa makompyuta awiri. Mu Office XP anawonjezera timawindo ta m'mbali. Zonsezi sizinathetse vutolo.

Gulu limene linapanga Ribbon linkatsogoleredwa ndi Julie Larson-Green ndi Jensen Harris. Linagwiritsa ntchito ziwerengero zochokera kwa anthu amene anavomera kuti Office 2003 izitumiza ku Microsoft mbiri ya mabatani amene akudina. Ziwerengerozo zinasonyeza kuti mu Word zida zisanu zodinidwa kwambiri zinali Paste, Save, Copy, Undo ndi Bold. N'chifukwa chake batani la Paste ndi lalikulu ndipo lili koyambirira kwenikweni kwa Ribbon.

Mmene Ribbon inakonzedwera

Ribbon inagawidwa m'zigawo zotchedwa matabu, ndipo tabu iliyonse ili ndi zida za ntchito ya mtundu umodzi. Mu Word 2007 matabuwa ndi Home, Insert, Page Layout, References, Mailings, Review ndi View. Mu PowerPoint 2007 ndi Home, Insert, Design, Animations, Slide Show, Review ndi View. M'kati mwa tabu mabatani anaikidwa m'timagulu, monga Font ndi Paragraph. Pakona ya m'munsi ya timagulu tina pali kamuvi kakang'ono kamene kamatsegula bokosi la zosankha zambiri, lofanana ndi la mu Office yakale.

Matabu ena amaoneka pokhapokha munthu akasankha chinthu chimene akugwirizana nacho. Mwachitsanzo, zida zokonzera chithunzi zimabwera munthu akadina pachithunzi, ndipo zimasowa akadina pamawu. Chimodzimodzinso ndi matebulo ndi matchati.

Palinso Live Preview, imene imasonyeza mmene chikalata kapena silaidi idzaonekere munthu akangoyendetsa mausi pamwamba pa mtundu wa zilembo kapena kapangidwe kena, asanadine. Pamwamba pa Ribbon pali kamzere kotchedwa Quick Access Toolbar, komwe poyamba pamakhala Save, Undo ndi Redo, ndipo munthu angathe kuwonjezerapo mabatani ake.

Mu Office 2007 Ribbon inali mu Word, Excel, PowerPoint, Access ndi m'mawindo ena a Outlook, monga lolembera imelo. Mapulogalamu ngati OneNote, Publisher ndi Visio anakhalabe ndi mamenyu mpaka Office 2010.

Zimene zinavutitsa anthu

Vuto lalikulu silinali lakuti zida zachotsedwa, koma lakuti zasamuka. Munthu amene wagwiritsa ntchito pulogalamu kwa zaka zambiri saganizanso za komwe batani lili, dzanja limangopita lokha. Ribbon itabwera, chizolowezi chimenechi chinatha ntchito, ndipo Microsoft sinaikemo njira yobwerera ku mamenyu akale.

Mu Word, kuyang'ana kalembedwe ka mawu kunachoka mu menyu ya Tools kupita ku Review, kukonza m'mphepete mwa tsamba kunachoka mu File kupita ku Page Layout, ndipo Header ndi Footer zinachoka mu View kupita ku Insert. Mu PowerPoint, batani lowonjezera silaidi linachoka mu Insert kupita ku Home, ndipo kasinthidwe ka masilaidi kanachoka mu menyu ya Slide Show kupita ku Animations. Mu Excel, wofuna kuwonjezera mzere ankaufufuza pa tabu ya Insert, pomwe batani lake lili pa Home.

Chinanso chinali Office Button, batani lozungulira la pakona yakumanzere, momwe munali Open, Save As ndi Print. Anthu ambiri ankaliona ngati chizindikiro chabe cha kampani ndipo sankadziwa kuti limadinidwa. Ena ankadandaula kuti Ribbon imatenga malo ambiri, makamaka pa malaputopu a sikirini yaing'ono.

Kusinthaku kunabwera limodzi ndi mafayilo atsopano a docx, xlsx ndi pptx, amene Office yakale sinkatha kuwatsegula popanda kuikamo Compatibility Pack. Choncho maofesi ndi sukulu zinafunika kuphunzitsanso anthu ndi kulembanso mabuku ophunzitsira. Makampani ena anapanga timapulogalamu monga UBitMenu tobwezeretsa mamenyu akale m'kati mwa Ribbon, ndipo Microsoft inatulutsa malangizo osonyeza komwe chida chilichonse cha Office 2003 chinapita.

Njira zothandiza kuzolowera

Njira zambiri zachidule za pa kiyibodi sizinasinthe. Ctrl+C, Ctrl+V, Ctrl+S, Ctrl+P ndi Ctrl+Z zimagwira ntchito monga kale. Mu PowerPoint, Ctrl+M imawonjezera silaidi ndipo F5 imayambitsa chionetsero. Munthu akadina Alt, pa tabu iliyonse pamaoneka chilembo, ndipo akatsatira zilembozo amafika pa chida chimene akufuna osagwira mausi.

Amene akufuna malo ambiri pa sikirini angapinde Ribbon podina Ctrl+F1 kapena podina kawiri pa dzina la tabu. Amene amagwiritsa ntchito zida zochepa tsiku ndi tsiku angaziike pa Quick Access Toolbar podina batanilo ndi mbali yakumanja ya mausi. Chimathandizanso kufunsa kaye kuti ntchitoyo ndi yamtundu wanji: kuika chinthu chatsopano nthawi zambiri kumakhala pa Insert, maonekedwe a masilaidi pa Design, ndipo kuunika zolembedwa pa Review. Ngati chida cha chithunzi kapena tebulo sichikuoneka, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti chinthucho sichinasankhidwe.

Zimene zinasintha pambuyo pake

Mu Office 2010, Microsoft inachotsa Office Button n'kuikapo tabu ya File, imene imatsegula tsamba lotchedwa Backstage. Inalolanso anthu kupanga matabu awoawo, ndipo mu PowerPoint inapatula tabu ya Transitions kuchoka ku Animations. Office 2016 inabweretsa bokosi la Tell Me, momwe munthu amalemba dzina la chida n'kuchipeza nthawi yomweyo. Bokosili limatsegulidwa ndi Alt+Q. Mu 2018 kampaniyi inalengeza Ribbon yochepetsedwa ya mzere umodzi, koma panthawiyi inasiya mwayi wobwerera ku Ribbon yonse. Microsoft inasiya kusamalira Office 2007 pa 10 Okutobala 2017.

Ribbon inafalikiranso kunja kwa Office. Inaikidwa mu Paint ndi WordPad a mu Windows 7 mu 2009, ndiponso mu File Explorer ya Windows 8 mu 2012. Office for Mac 2011 inalandira Ribbon koma inasungabe mamenyu. LibreOffice, imene ndi yaulere, imayamba ndi mamenyu ndi timizere ta mabatani, koma kuyambira mu 2019 ili ndi maonekedwe a matabu amene munthu angasankhe yekha. Google Docs ndi Google Slides zimagwiritsabe ntchito mamenyu, moti wophunzira amene anayambira pa Ribbon amafunikanso kuzolowera akasamukira kumeneko.