Nthunzi ndi Fumbi: Phunziro Lochokera ku Kabwe

Aphunzitsi ndi ana nonse, m'phunziro lino tikambirana za zinthu ziwiri zimene zingathe kuphulitsa malo a ntchito, ndizo nthunzi ndi fumbi.

Mzinda wa Kabwe unayamba chifukwa cha mgodi. Mu 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki, natcha malowo Broken Hill. Njanji inafika mu 1906, ndipo mzindawo unasanduka malo aakulu a ntchito za sitima. Sitima za masiku amenewo zinali kuyenda ndi nthunzi. Iliyonse inali ndi boyila, ndiye kuti chimphika chachitsulo chotsekedwa, m'mene madzi anali kuwira pa moto wa malasha.

Nthunzi ikasowa potulukira imang'amba chitsulo. Mu 1905 boyila inaphulika m'fakitale ya nsapato ku Brockton, m'dziko la America, nipha anthu 58. Ngozi zotere zinachititsa akatswiri a makina kumeneko kulemba buku la malamulo opangira maboyila mu 1914. Pambuyo pake anawonjezamo malamulo a matanki ena otsekedwa, koma anaika malire. Thanki imene mphamvu ya mkati mwake siipitirira kulemera kwa kilogalamu pafupifupi imodzi pa kamalo kolingana ndi chikhadabo, malamulowo saikhudza.

Apa ndipo pali vuto. Nkhokwe zachitsulo zosungiramo ufa, ndi mabokosi okolera fumbi m'zigayo, zili pansi pa malire amenewo, choncho amazipanga ndi malata opyapyala. Koma fumbi la ufa, la shuga, la thonje kapena la malasha likamwazika mumpweya, kamoto kakang'ono kangathe kuliyatsa lonse m'kuphethira kwa diso. Taganizirani chipika ndi udzu wouma: chipika chimanyeka pang'onopang'ono, pamene udzu umalilima msanga chifukwa mpweya umafika paliponse. Fumbi limaposa udzu. Likayakira m'chinthu chotsekedwa, mphamvu yake imaposa malire aja kasanu ndi kawiri kapena kuposerapo.

Anthu anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1785 ufa unaphulika m'nyumba yophikira buledi ku Turin, m'dziko la Italy. Mu 1878 chigayo chachikulu cha Washburn ku Minneapolis chinaphulika, ndipo anthu 18 anafa. Mu 2008 fumbi la shuga linapha anthu 14 pafupi ndi Savannah.

Akatswiri anapeza njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kupanga nkhokwe yolimba ngati boyila, koma imeneyi imadya ndalama zambiri. Yachiwiri ndiyo kuika kachitseko kofooka mwadala, kamene kamayamba kutseguka moto ukabuka, kuti mphamvu itulukire panja, kutali ndi antchito.

Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, ndipo sitima za nthunzi zinalowedwa m'malo ndi za dizilo. Koma zigayo zilipobe m'misika ndi m'makomboni. Mukatumidwa kukagayitsa chimanga, musayatse machesi mkatimo, ndipo mukumbukire kuti mwini chigayo amene amasesa fumbi tsiku ndi tsiku akuteteza moyo wanu.

Aphunzitsi, funsani ana mafunso awa:
1. Kodi njanji inafika liti ku Broken Hill?
2. Chifukwa chiyani fumbi limayaka msanga kuposa chipika?
3. Kodi kachitseko kofooka kamathandiza bwanji?