ZA MABUKU A ANTHU OSAONA, KUYAMBIRA PA TIMADONTHO KUFIKIRA PA KOMPYUTA

Masiku ano tiona kuti maphunziro a ana athu sakhalanso m'buku la pepala lokha ayi, pakuti aphunzitsi ambiri atumiza phunziro pa foni ya m'manja kapena pa kompyuta, ndipo ife makolo tikondwera poona mwana alikuwerenga pa kagalasi kowala. Koma m'midzi mwathu muli ana ena amene maso awo saona, ena makutu awo samva, ndi enanso amene manja awo alibe mphamvu yakugwira. Kodi phunziro lija lifika kwa iwonso? Kuti tiyankhe bwino funso ili, tiyeni tibwerere m'mbuyo, tione njira imene anthu osaona anayenda kufikira anapeza buku lawo.

M'chaka cha 1785 munthu wina dzina lake Valentin Haüy anatsegula sukulu ya ana akhungu mu mzinda wa Paris, m'dziko la France. Iye anasindikiza mabuku a zilembo zathu zomwezi, koma zazikulu ndi zotukuka, kuti mwana azizipapasa ndi chala. Mtima wake unali wabwino ndithu, komatu zilembo zimenezi makolo akale anazipangira diso, si chala ayi. Chifukwa chake kuwerenga kunali kwapang'onopang'ono, mabuku anali olemera ndi owerengeka, ndipo ana sanakhoze kulemba kanthu koti iwo eni awerengenso.

Ku sukulu imeneyo kunafika mnyamata wa zaka 10, m'chaka cha 1819, dzina lake Louis Braille. Anabadwa mu 1809 m'mudzi wa Coupvray, ndipo atate wake anali mmisiri wosoka zikopa za pa akavalo. Pokhala wa zaka zitatu, mwanayo analikusewera m'nyumba ya ntchito ya atate wake, nadzilasa m'diso ndi chitsulo chosongoka. Nthenda inalowa m'diso linzake, ndipo posachedwa maso onse awiri anachita khungu. Ali pa sukulu paja, anaphunzira kalembedwe kena ka timadontho totukuka, kamene anakakonza Charles Barbier, munthu amene kale anali msilikali. Kalembedwe ako kanali ndi malo a timadontho 12, ndipo nsonga ya chala siinathe kukwirira chizindikiro chonse nthawi imodzi. Mnyamatayo, podziwa yekha chimene chala chikhoza ndi chimene sichikhoza, anachepetsa timadontho tikhale 6, titatu kumanzere ndi titatu kumanja, napeza kuti mwa ito mutuluka zizindikiro 63. Anaikonza njirayi mu 1824, ali ndi zaka 15, naisindikiza mu 1829. Tsopano wakhungu anakhoza kuwerenga msanga, ndiponso kulemba yekha pobaya pepala ndi kachitsulo.

Tikadayesa kuti akulu a sukulu anavina ndi chimwemwe, koma sikunatero. Aphunzitsi openya sanakonde zilembo zimene maso awo sanazizolowere, ndipo cha m'ma 1840 mkulu wa sukuluyo anaziletsa. Koma ana anapitirira kulemberana mobisa. Braille anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1852, ndipo kalembedwe kake anakavomereza pa sukulu yake yomwe mu 1854, mwini wake atagona kale m'manda. Pambuyo pake kanawanda m'maiko onse, kanafikanso kwathu kuno, monga ku sukulu ya akhungu ya ku Magwero pafupi ndi Chipata, ndi ku Montfort ku Nguludi kumene aphunzitsa aphunzitsi a ana otere.

Ngakhale zinatero, njala ya mabuku siinathe. Buku limodzi la openya lisanduka mabuku angapo aakulu polilemba m'timadontho, ndipo munthu wochita khungu atakula kale avutika kuphunzitsa zala zake. Motero mu 1934 ku America, ndi mu 1935 ku Britain, anayamba kugawa mabuku olankhula, ndiwo mawu a munthu wowerenga ojambulidwa pa mbale za galamafoni, ndipo m'zaka zotsatira pa matepi. Koma mwana wa sukulu, mphunzitsi akati tsegulani tsamba lakuti, anasowa pogwira, popeza tepi ilibe masamba. Vuto ili linachepa pamene nyumba zosungira mabuku a akhungu za maiko angapo zinagwirizana mu 1996 pa njira yotchedwa DAISY, imene ilola womvera kulumphira pa mutu kapena pa tsamba limene alifuna.

Apa ndipo tifika pa kompyuta. Mawu akalembedwa m'kati mwake monga zilembo zenizeni, makinawo akhoza kuwatchula mokweza, kapena kuwakulitsa chifukwa cha wa maso ofooka, kapena kuwatumiza ku kachipangizo kotukula timadontho ta Braille pansi pa zala. Mu 2006 ku Australia inayambika pulogalamu yowerenga mokweza yotchedwa NVDA, imene anaikonza Michael Curran ndi James Teh, onse awiri osaona, naipereka kwa anthu onse popanda mtengo. Taonani, zinthu zinayendanso monga m'masiku a Braille: amene vuto lili pa iwo ndiwo anadziwa polimasulira. Chinatsala ndi lamulo loteteza eni mabuku, limene m'maiko ambiri linaletsa kusandutsa buku popanda chilolezo. Chimenechi anachikonza m'pangano la ku Marrakesh, m'dziko la Morocco, mu 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, ndipo lilola maiko olowamo kukonzera osaona mabuku ndi kutumizirana kutsidya kwa malire.

Komatu tisanyengedwe kuti kompyuta payokha ichotsa tsoka lonse. Mphunzitsi akangojambula tsamba la buku ndi foni natumiza chithunzicho, makina owerenga mokweza kawirikawiri sapezamo chilembo, ndipo kwa mwana wosaona tsambalo lili chete monga pepala losalala. Ichi ndicho cholakwa chakale chija, kukonzera diso lokha. Chifukwa chake mu 1999 bungwe loyang'anira makonzedwe a masamba a pa intaneti, lotchedwa W3C, linatulutsa malangizo, ndipo mitu yake njosavuta kumva. Mawu alembedwe monga mawu, osati chithunzi. Chithunzi chilichonse, kaya ndi mapu kaya ndi chojambula cha mtima wa munthu, chikhale ndi mawu ochifotokoza. Mitu ya phunziro iikidwe mwa dongosolo, kuti womvera adziwe pamene ali. Kanema akhale ndi mawu olembedwa pansi chifukwa cha ogontha. Ndipo zonse zitheke kuyendetsedwa ndi mabatani okha, chifukwa cha iye amene dzanja lake linjenjemera. Tinaona kulemera kwake kwa nkhani iyi mu 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro naperekedwa pa wailesi ndi pa intaneti. Mwana wogontha anapindulanji ndi wailesi?

Akulu anati m'mera mpoyamba. Kukonza phunziro bwino pa tsiku lakulilemba sikudya nthawi yambiri, koma kulikonzanso pambuyo ndi ntchito yowawa, ndipo mwana adikira pamene anzake alikupitirira. Tsono ife amene tikhala m'makomiti a sukulu, ndi ife amene ana athu aphunzitsa, tizifunsa pamene chinthu chatsopano chifika m'kalasi: kodi mwana wosaona achiwerenga bwanji, ndipo wosamva achimva bwanji? Koposa zonse timfunse mwanayo mwini, pakuti Braille anali wa zaka 15 zokha pamene anaona chimene aphunzitsi ake sanachione. Tikumbukirenso kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maso athu omwe alikuwerenga mizere iyi adzachita chidima ndi ukalamba, ndipo tsiku limenelo tidzafuna buku lotiwerengera.