Lazaro akadali pachipata: nkhani ya Booth ndi Chilembwe

Nkhani imene ndikufuna tikambirane ndi yakale, koma ine inandipeza usiku ndili pantchito.

Ndimagwira unamwino pa nyumba ina yosamalirako okalamba. Usiku wina ndinali ndi agogo ena aamuna amene anali atatsala pang'ono kutisiya. Anali munthu wopata, chuma chawo anachipeza m'migodi, nyumba yawo ili m'mbali mwa mtsinje wa Swan. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha anandifunsa ngati ndimakhulupirira kuti munthu akafa amakayankha mlandu. Ndinati eya. Anakhala duu, kenaka anati moyo wawo wonse sanabepo kanthu ka munthu, koma sakukumbuka tsiku limene anaima n'kumuyang'ana wosauka kumaso. Ndinasowa chonena. Ndinangowatembenuza n'kuwafunditsa bulangete.

Pobwerera kunyumba m'maganizo mwanga munali fanizo lija la pa Luka 16, la munthu wachuma ndi Lazaro. Tonse tikulidziwa. Wina ankadya zonona tsiku ndi tsiku, wina ali gone pachipata chake, thupi lonse zilonda. Ife anamwino tikudziwa fungo la chilonda chosatsukidwa, munthu sangadutse pafupi osalimva. Koma amene ankasamala zilonda za Lazaro anali agalu. Atamwalira onse awiri zinthu zinatembenuka. Taonani kuti wachuma uja sakutchulidwa kuti anaba kapena anamenya Lazaro. Mlandu wake unali woti ankangodutsa.

Kwathu fanizoli timakonda kulilalikira kwa osauka: pirirani, mudzapuma kumwamba. Chonsecho Yesu analinena pamaso pa Afarisi okonda ndalama. Ndipo m'mbiri ya dziko lathu muli anthu amene chiphunzitsochi anachimva molunjika chotero. Woyamba amene ndimutchule anachokera kuno ku Australia.

Dzina lake ndi Joseph Booth. Anabadwira ku Derby, ku England, mu 1851. Mu 1880 anasamukira ku New Zealand, ndipo mu 1887 anadzakhala ku Melbourne kumene bizinesi yake inayenda bwino. Anali wa mpingo wa Baptist, ndipo ankakonda kutsutsana pagulu ndi anthu osakhulupirira Mulungu. Mu 1891 mmodzi wa iwo, Joseph Symes, anamupanikiza ndi nkhani ya mwini chuma uja amene Yesu anamuuza kuti agulitse zake zonse apatse osauka: ngati mumakhulupiriradi zimenezi, bwanji inuyo simuchita? Booth mawuwo anamulasa. Anagulitsa bizinesi yake. Mkazi wake anamwalira chaka chomwecho, koma iye sanabwerere m'mbuyo. Mu 1892 anafika ku Nyasaland ndi mwana wake wamkazi Emily, n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre.

Kumeneko anadana ndi azungu anzake msanga. Chifukwa chachikulu chinali malipiro. Iye ankalipira antchito ake ndalama zoposa zimene eni minda ndi amishoni ena ankapereka, ndipo ankanena poyera kuti sizoona kuti mmishonale azikhala mwawofuwofu pakati pa anthu ausiwa. Mu 1897 anatulutsa buku lotchedwa Africa for the African. Mu 1899 analembera Mfumukazi Victoria kupempha kuti msonkho wa nyumba uzigwira ntchito yophunzitsa anthu akuda, ndi kuti pakatha zaka 21 dzikolo libwerere kwa eni ake. Boma la Alfred Sharpe linafuna kumugwira, iye n'kuthawira ku dziko la Apwitikizi.

Sindikuti Booth anali mngelo ayi. Anali munthu wosakhazikika, wosintha mipingo ngati malaya, ndipo ntchito zambiri ankaziyamba n'kuzisiyira ena. Koma zina mwa zimene anadzala zilipobe. Mishoni ya Plainfield imene anayambitsa ku Thyolo inagulidwa ndi a Seventh-day Adventist mu 1902, ndipo pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Ine unamwino wanga ndinauphunzira ku Malamulo komweko, osadziwa kuti malo aja anayamba ndi munthu wochokera ku dziko limene ndidzakhaleko.

Ku Mitsidi kuja kunabwera mnyamata wa ku Chiradzulu kudzafuna ntchito ya m'nyumba. Ndiye John Chilembwe. Pamene Emily ankadwala bambo ake ali ku ulendo, amene ankamudwazika anali iyeyu. Mu 1897 Booth anapita naye ku America, kumene anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia. Atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Ankaphunzitsa anthu kulimbikira ntchito, ukhondo ndi sukulu. Chuma sankadana nacho.

Chimene chinamuwawa ndi zomwe ankaona pakhomo pake penipeni. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu ankagwira thangata, kulima miyezi yambiri ngati lendi ya malo amene akukhalapo. Ambiri anali Alomwe othawa njala ndi nkhanza ku Mozambique, opanda kolowera. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankatentha matchalitchi amene anthu a Chilembwe anamanga pamalopo. Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amene akukafa ndi amphawi opanda kalikonse, osiya akazi amasiye ndi ana m'umphawi, pomwe nkhondoyo ndi ya anthu olemera. Boma silinamumvere. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, Livingstone ndi azungu ena anaphedwa, ndipo pa 3 February Chilembwe anawomberedwa. Otsatira ake ambiri ananyongedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chinagwetsedwa. Ine monga namwino sindikondwera ndi magazi a munthu aliyense. Koma kulira kwa anthu a ku Magomero kunamveka zaka zambiri magaziwo asanakhetsedwe, ndipo amene anali ndi mphamvu ankangodutsa.

Patatha zaka 100 Booth atafika, mawu omwewo anamvekanso. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika, Living Our Faith, inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Ambiri timaikumbukira pa nkhani ya ufulu wolankhula, koma inanenanso za kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika ya mbewu za alimi, ndi kuperewera kwa zinthu m'sukulu ndi m'zipatala. Nthawi imeneyi Lazaro anali pachipata cha munthu wakuda mnzake. Boma linakwiya, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko, koma mu June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Tsono nanga ife? Booth anachoka ku Australia kunka kwa osauka, ife tinachoka kwa osauka kudza ku Australia. Palibe cholakwa pamenepo, tinadzafuna moyo. Koma tivomereze kuti m'fanizo lija mpando wathu unasintha. Zoona timatumiza ndalama kumudzi, ena mpaka kugwira mashifiti awiri kuti mwana wa achemwali apite kusukulu. Mulungu akuona zimenezo. Komatu Lazaro sanali mbale wake wa wachuma uja. Ndikunena za mlonda amene akutilondera nyumba tikumanga ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene timamulipira mochedwa ndalama yosakwana n'thumba la chimanga lomwe. Ndikunena za mtsikana wantchito amene akusamalira amayi athu, msinkhu wake woyenera kukhala m'kalasi. Ndikunenanso za anthu ogona panja amene ndimawadutsa ku Northbridge ndikuthamangira sitima, ena mwa iwo eni nthaka ino. Ine ndemwe ndimayang'ana kumbali.

Akuluakulu anati chuma ndi mchira wa khoswe, suchedwa kupululuka. Ndaziona ndi maso anga: pa bedi lomaliza wamigodi ndi wosauka timawasambitsa chimodzimodzi. Agogo aja anamwalira patapita masiku awiri. Mlandu wawo sindiudziwa, woweruza si ine. Chimene ndinachita n'chakuti m'mawa mwake ndinaimba foni kumudzi kufunsa kuti mlonda wathu timamupatsa zingati, ndipo yankho lake linandichititsa manyazi. Tinakonza.

Kumapeto kwa fanizo lija wachuma anapempha kuti wina akachenjeze abale ake asanu amene anali akadali moyo, ndipo anauzidwa kuti malemba ali nawo kale, awamvere. Abale asanuwo ndife, ndipo mpata tikadali nawo.